Malumo a Mzime Wanu

Mayi anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda masiku ano? Ine ndili bwino, kungoti msana ukudandaula chifukwa choimirira tsiku lonse m'chipinda chositira zovala. Simbi yatsopano imene abwana anagula imalavulira madzi pa malaya oyera, koma wokalipiridwa ndimakhala ine.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati amalume abwere kudzatenga mzime wanu, achoke m'manja mwa mkazi wake, asiyenso mapiritsi amene mukuti akumupusitsa. Musanawatume, imvani kaye zimene ndaona ndi maso angawa, ngakhale zina zikundichititsa manyazi.

Mukundidziwa, Mayi, munthu akandisekerera ndimayamba ndasuzumira chimene wabisa kumbuyo. Mlamu wangayu sindinamukhulupirirepo. Mlongo wanga atasiya kutsegula malo ake ometera, ndinapita kwawo Loweruka masana. Ndinamupeza atagona moyang'ana kukhoma, makatani otseka, ndevu ngati munthu amene sanagwirepo lumo chibadwire. Munthu uja ankaseketsa makasitomala mpaka osaona kuti wawameta mokhota, moni wanga anayankha ndi mutu. Chakudya chinali pampando, chosakhudza. Mlamu anati adokotala apeza matenda ovutika maganizo. Chamumtima ndinati matenda ake ndi iweyo.

Mlamu atalowa kubafa, ndinatsegula chikwama cha zida. Zipeso zinalimo, makina ometera, nsalu yomanga pakhosi ija. Koma malumo, malezala ndi sizasi munalibe. Kukhitchini nako mpeni unali umodzi wokha, wobuntha, wolephera ndi tomato yemwe. Pamasitepe, mayi wa khomo loyandikana nawo anandinong'oneza kuti anaona mlamu akupereka kaphukusi kwa mlonda wa pageti. Nkhani yotsalayo ndinaimaliza ndekha: mwamuna akumugoneka ndi mankhwala, zida akupatsa chibwenzi.

Ndiye ndinachita zopusa. Ndinatenga mapiritsi aja pawindo n'kuwaponya m'thumba, ndikudziona ngati ndapulumutsa munthu.

Lachiwiri m'mawa mlamu anatulukira kuntchito kwanga, maso ali psuu. Anati mapiritsi asowa, wafufuza mpaka kutembenuza matiresi. Mwamuna wake akulumbira kuti sanawakhudze, koma iye akuopa kuti wawabisa kuti adzivulaze nawo, choncho masiku atatu onsewa akungomulondera, kuntchito osapita. Wodwalayo anali atayamba chizungulire ndi mseru. Mapiritsiwo ndinawatulutsa pamaso pa anzanga onse, simbi ikulavula madzi pa malaya a eni. Sananditukwane, mwina zikanandipepukira. Anangoti Lachinayi ndipite nawo kuchipatala ndikadzifunsire ndekha.

Ndinapita, mafunso ali m'manja. Dokotala wake ndi mtsikana wamng'ono kwa ine, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Ndinamufunsa kuti mlongo wanga angadandaule chiyani, pomwe ali ndi mkazi, ntchito ndi pogona. Anati matendawa sadikira chifukwa. Si chisoni chija chimabwera n'kupita, komanso si ulesi. Amakhala milungu ndi miyezi, kulanda munthu tulo, chilakolako cha chakudya, mphamvu, ngakhale kukoma kwa zinthu zimene ankazikonda. Ndinafunsa ngati si mapiritsiwo akumufoola. Anandiuza ndiwerenge ndekha: munthuyo anagona miyezi iwiri asanameze ndi limodzi lomwe. Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo, zinalidi choncho. Anati mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo ngati a mutu, amatenga milungu ingapo, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Pamenepo anandiyang'ana, ndinadziwa kuti mlamu wandinenera. Anatinso mlungu uliwonse azikacheza ndi mlangizi, chifukwa kulankhula nako ndi mbali ya chithandizo.

Ndinali ndisanagonje. Ndinaponya nkhani ya malumo, maso ali pa mlamu. Amene anayankha ndi mzime wanu, mawu oyamba athunthu amene ndinamva kwa iye mwezi wonse. Anati anawakulunga yekha mu thaulo n'kupempha mkazi wake kuti awachotse m'nyumba, chifukwa m'mawa wina maganizo ochotsa moyo wake anamufikira ali pagalasi. Chibwenzi ndinkanena chija, Mayi, ndi bambo wa zidzukulu zisanu, ndipo malumowo anawakhomera mu kabati yake. Ndinalira pamaso pa kamtsikana kaja.

Potsiriza dokotala anafunsa ngati m'banja mwathu wina anadwalapo chonchi, poti nthawi zina zimayenda m'magazi. Ndinayankha msangamsanga kuti ayi.

Mu basi pobwerera ndi mmene ayi wanga uja anayamba kundivuta. Chaka chimene ndinali m'kalasi yachitatu, mzime ali kumsana, bambo anakhala m'chipinda miyezi yambiri, makatani otseka. Munkati ndi mutu, tisamachite phokoso. M'mawa uliwonse munkaika kansalu kokulunga m'chikwama changa cha sukulu, muli mipeni ndi lumo la bambo, kuti ndikasiye kwa azakhali akanole. Madzulo ndinkabwera nako, inu n'kudula zophika, m'mawa n'kundipatsanso. Mayi, ndi mpeni wanji umanoledwa tsiku lililonse n'kumabwerabe wobuntha? Ndipo mlungu umene ndinagona ndi chikuku, osapita kusukulu, ndi umene bambo anatisiya. Munati ndi mtima.

Sindikukuimbani mlandu. Ngati zili mmene ndikuganiziramu, munasenza nokha katundu amene mlamu akusenza lero, popanda dokotala, popanda wokuuzani dzina lake. Mwina n'chifukwa chake mukufuna mwana wanu pafupi, pomwe mungamuone. Koma kuno ali ndi chithandizo chimene bambo analibe, ndipo ndikuopa kuti akachisiya tidzamutaya.

Pempho langa ndi limodzi. Amalume asananyamuke, ndilembereni zoona za bambo. Dokotala akufuna kudziwa, koma woyenera kumva kwambiri ndi mzime wanu. Iye amaganiza kuti ndi yekha wachabechabe m'banja mwathu, kuti bambo akanamuona akanachita naye manyazi.

Lamlungu mzime wanu anatsika masitepe, anameta mlonda uja ndi makina pageti pomwepo. Atandiona anati tsitsi langa likuoneka ngati ndalisita ndi simbi ya abwana. Sindikunena kuti wachira, Lolemba anagonanso tsiku lonse. Dokotalayo ndikumuonererabe, sindinamukhulupirire ndi mtima wonse. Koma mapiritsi ali pawindo, ndipo sindiwakhudzanso.

Mlamu akupereka moni. Mupatse moni amalume ndi akazi awo, asuweni anga onse, ndi akulu anu a tsidya la msewu. Azakhali muwapatse moni wapadera, muwauze kuti ndayesetsa kukumbukira nyumba yawo yonse, chipinda ndi chipinda, koma mwala wonolera sindikuuona.

Tsalani bwino, Mayi. Ndikudikira yankho.

Ndine mwana wanu wachisamba.