Tahir akuvuula sungwa, kansomba kanga kali phee

Aphungu,

Ndine bambo wapabanja, msodzi wa mbedza kuno ku Senga Bay. Mkazi wanga Zulfa amakazinga kanyenya pamsika, ndipo kuyambira kale nsomba zake ndinkabweretsa ndine. Zinthu zasokonekera chibwerereni ku Joni mnzanga Tahir, yemwe tinakulira limodzi.

Munthuyu anabwera ndi kabokosi kodzaza tinsomba tapulasitiki ndi tizitsulo tonyezimira tooneka ngati supuni, kalikonse kali ndi mbedza zake. Safuna usipa, safuna nyongolotsi. Amangoponya m'mbali mwa miyala n'kumavuula sungwa zonenepa, ine ndili poteropo ndi tinsomba tosadzaza ndi mbale yomwe. Ndisakubisireni, zimandiwawa. Kuwedza ndinamuphunzitsa ndine, koma lero padoko aliyense ndi Tahir, Tahir.

Nanenso ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe kukagula kansomba kanga. Ndinasankha kakakulu, kofiira kuposa take tonse. Ndimakaponya pomwe iye amaponya, n'kumangirira chingwe kubwato, n'kukhala pansi kudikira monga timachitira nthawi zonse. Palibe ngakhale yobwera kudzanunkhiza. Ndinayesa kukapaka mafuta a usipa, koma ayi ndithu.

Ndakhala ndikumuyang'anitsitsa mnzangayu. Sakhazikika. Akaponya, dzanja lake limayamba kunjenjemera, kukoka pang'ono, kuima, kukokanso, kenako n'kukaponya pena. Munthu wabwinobwino sawedza chonchi. Ine ndikuona kuti kunjenjemerako ndi chizimba cha mankhwala amene anatenga ku Joniko.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi Zulfa. Masiku ano nsomba akumagula kwa Tahir, ndipo ndamuonapo akuseka naye padoko. Nditadandaula anangoti, "Nanga bwanji osakamufunsa mnzanuyo kuti akuonetseni?" Wallahi, ndikulumbira, tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Ngati mankhwalawo akukoka nsomba, angalephere kukoka mkazi? Ndaganiza zoti Lachisanu likubwerali, tikatuluka kumzikiti, ndikatule nkhaniyi kwa ankhoswe, Zulfa asankhe pakati pa ine ndi Tahir. Kodi ndikulakwa?

O.S., Senga Bay

Bambo O.S.,

Inde, mukulakwa, ndipo mwachita bwino kufunsa Lachisanulo lisanafike. Yankho lonse mwaliona ndi maso anu, mwalilembanso bwinobwino m'kalata yanuyi, koma nsanje yakuchititsani kulitcha chizimba.

Kansomba kapulasitiki si nyongolotsi. Sikanunkhira ndipo sikatakataka kokha. Mukakaponya n'kukhala pansi, kamangokhala m'madzimo ngati chitsekerero cha botolo, ndipo sungwa si yopusa. Iyo imabisala m'miyala ndi m'bango, kudikira kansomba kofooka kadutse kuti ikambwandire. Kunjenjemera kwa dzanja la Tahir ndiko kumapatsa pulasitikiyo moyo, kuti azioneka ngati kansomba kovulala. Kawirikawiri nsomba imaluma pamene waimitsa paja. Mankhwala ake ndi amenewo basi. Choncho masulani chingwecho kubwato, chikhale m'manja mwanu.

Pogula paja munagulanso ndi mtima wampikisano. Kakakulu, kofiira, kuti akuoneni ndani? Nyambo timasankhira nsomba, osati anthu apadoko. Madzi akakhala oyera, tengani kakang'ono, kotalika ngati chala, kamtundu wa usipa, chifukwa ndi chakudya chimene nsombazo zinazolowera. Kofiira kanuko musataye, kadzagwira ntchito mvula ikadetsa madzi cha kumene mtsinje wa Linthipe ukuthira m'nyanja. Chingwe chikhale chopyapyala, mbedza zikhale zakuthwa. Mukaponya kangapo popanda chogwedeza, palasani mupite pena. Msodzi wa nyambo zimenezi sakhalitsa malo amodzi, n'chifukwa chake mnzanuyo mukumuona ngati wosakhazikika.

Tsopano zovuta kumeza: pitani kwa Tahir. Mukamulonjere, mumupemphe kuti mukwere naye bwato tsiku limodzi, muone bwino mmene dzanjalo limayendera. Inu munamuphunzitsa za nyongolotsi iye osachita manyazi. Kuphunzira za pulasitiki kwa iye sikukuchotserani ubambo wanu.

Za mayi Zulfa mwandikwiyitsa, bambo. Mayiwo ali ndi chiwaya pamoto ndi makasitomala oti adye. Mumafuna azikazinga chiyani, inu mukubwera chimanjamanja? Kuseka ndi wogulitsa ndi mbali ya malonda, aliyense wofuna mtengo wabwino amatero. Taganizaninso mawu amene anakuuzani aja. Mkazi wachibwenzi satumiza mwamuna wake kwa chibwenzicho. Iwo akufuna kuti nsomba zizichokeranso m'bwato lanu, ndipo anakulozerani njira yachidule. Inu mwamva chipongwe pamene panali chikondi.

Chenjezo langa ndi ili. Umboni mulibe, muli ndi kuseka kwa padoko ndi mtima wanu wowawawo. Mukapita nazo kwa ankhoswe, Tahir sataya kanthu, Loweruka adzakhala ali panyanja ndi kabokosi kake. Wovulala adzakhala mkazi wanu. Kubwera wopanda nsomba angakukhululukireni chaka chathunthu, koma kumutcha wachiwerewere pamaso pa amalume ake sadzaiwala. Mukamuuza kuti asankhe pakati pa inu ndi Tahir, musadzadabwe akasankha kukhala yekha.

Phungu wanu