Mzera wa ku Chiwanga

Mphwanga Filipe,

Landira moni wa ku Msumba. Tili bwino, mwendo wa amayi uja waphwa.

Pulogalamu ya kampani yako yatsopanoyo, yosandutsa manambala kukhala zithunzi za mizera, ndinaionetsa kwa a diretori, bwana wathu wa za nsomba ku Metangula. Tinaikamo ndowa za usipa zimene timawerenga m'madoko. Mizera ya madoko ena inkakwera ndi kutsika, koma wa ku Chiwanga, kumene ndimalemba ine, unangoti mya ngati nsungwi. Tcheni cha njinga chitaduka ndinaleka kupitako, ndinkangokopera manambala akale. A diretori anandiyang'ana, ine maso pansi.

Usade nkhawa, kampani yako ipita patali. A diretori akuti pulogalamuyo aigula, ndipo chawakopa ndi bodza langali, poti yaligwira. Amayi usawauze. Unditumizire tcheni.

Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Tomé