Chimphepo Chopanda Dzina

Lachinayi, 13 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine moyo ulipo, koma mtima uli m'malere, ndipo wochititsa ndinu. Ndalemba pamanja n'kukutumizirani chithunzi chake chifukwa pafoni simundilola kumaliza mawu.

Anakutumani ndani kuuza bambo kuti chimphepo chikubwerachi chilibe dzina, choncho asadandaule? Inu muli kutaliko, mwangosuzumira mapu pafoni uku mukumwa tiyi. Ine sabata yonseyi ndili ku ofesi ya zanyengo, maso pa zithunzi za setilaiti, moti ndikatsinzina ndimaona mitambo ikuzungulira. Dzina limaperekedwa mphepo ikafika pa liwiro loikika, basi. Mayinawo amakonzedweratu nyengo isanayambe, amangodikira pamzere ngati odwala kuchipatala. Koma madzi sadikira ubatizo, achimwene! Ichi mphepo yake ndi yofooka, inde, koma chikuyenda mwaulesi chitasenza mvula yoopsa. Chikaima pamwamba pathu, mtsinje wa kuseri kwa nyumba uja ulowa mpaka kuchipinda.

Dzulo ndinapita kukawatenga bambo ndi amayi. Ndinapeza bambo pakhonde, wayilesi ili pamwendo.

"Mlongo wako wati chilibe dzina," anatero. "Ine mlendo wopanda dzina sindimusiyira nyumba."

"Bambo, madzi adzafika pawindo."

"Chaka chatha unateronso. Ndinakhomera matabwa mawindo onse, makina osokera a mayi ako ndinawabereka kumsana, chimphepo chako n'kukhotera kwina. Mpaka lero wometa uja akandiona amakuwa kuti, 'Madala, mphepo ya mwana wanu ifika liti?'"

Ndinawafotokozera kuti njira ya chimphepo timailosera, sitiiyendetsa. Anangoseka.

"Si ndiwe wa ku ofesi? Chitche dzina iweyo, ndinyamuke."

Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kuwanamiza, ndipo dzina limene linandibwerera msanga ndi lanu. Koma mukuwadziwa, akanadikira kuti alimve pawayilesi.

Amayi ndawatenga. Tinawanyamula ine ndi wa takisi. Bambo anatipindira bwinobwino njinga ya olumala ya amayi, anawafunditsa shawelo, kenaka n'kubwerera pampando wawo ngati tikungopita kumsika. Chifikireni kwanga amayi sanalawe kanthu. Angokhala pawindo, ndipo nthawi ndi nthawi akufunsa ngati bambo amwa mapiritsi awo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ntchito imeneyi ndinaiphunzira ine, koma kwa bambo mawu anga ndi phokoso la mwana. Inu mukangotsokomola, kwatha, ndi lamulo. Chabwino, ndavomera, sindikulimbirana nanu ulemu. Ndinu woyamba kubadwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Imbani lero lomwe. Musayambe ndi nkhani za mpira. Auzeni kuti munalakwitsa, atenge mapiritsi ndi wayilesi yawoyo, akhale pakhonde, ndibwera ndi takisi. Mlatho akautseka mawa, sindidzathanso kuwafikira, ngakhale chimphepocho achipatse mayina khumi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni, akuti muzivala juzi. Moni wa bambo sindikuperekerani. Imbani muumve nokha foni yawo isanazime.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Chitsirizira