Zimene Tamanda Anamva Kuseri kwa Bafa

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Manja kwacha ndi chiperoni, phiri la Soche silikuoneka n'komwe. Ndikulemba nditavala juzi lanu lobiriwira lija, limene munkati limaposa bulangete. Lero ndi Lolemba. Nthawi ngati ino ndimakhala nditapanikizidwa m'minibasi ya ku Limbe, koma lero kuntchito sindipita. Chifukwa chake ndikuuzani, ingondilolani ndiyambe ndi zopepuka. Paja mumandidziwa, sindilowera pakhomo pamene pali njira yozungulira.

Kwa achimwene a Maliko kunabadwa mwana wamkazi mu Epulo, ndipo amutcha dzina lanu, Rozina. Chipumi ndi chanu chenicheni. Akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope n'kukuyang'ana kaye, monga munkachitira inu ndiwo zikachuluka mchere. Kamunda kathu ka kutsidya kwa mtsinje katipatsa matumba atatu okha chaka chino, chifukwa fetereza tinathira chimanga chitafiira kale. Mtengo wa mapeyala umene munadzala wabereka ndithu, koma nthambi za mbali ya kumsewu zayamba kuuma, kaya n'chiyani. Mng'alu uja wa khoma la kuchipinda kwanu, umene munkatseka ndi nsanza, tsopano mukulowa dzanja langa lonse. Mvula iliyonse ikatha ndimati ndiitana mmisiri, kenako ndimangokankhirapo kabati.

Chiliza chanu sitinaikebe, Amayi. Chaka chachitatu chino. Timakumana, timagwirizana mwezi, mwezi uja ukafika aliyense amayang'ana kumbali. Bambo ake a Tamanda akadali ku Joni, amaimba foni mwa apo ndi apo. Tamanda yemweyo wamaliza mayeso a Folomu 4 sabata yatha, watalika kundiposa, ndipo pakamwa pake ndi panu.

Ine ndikadali kusitolo ya nsalu ya amwenye aja amene inu munawasitira zovala zaka zonse zija. Ndikadali kumbuyo, kuyeza ndi kupinda. Adona aang'ono anandiuza kuti Chingerezi changa chitawongoka andiika kutsogolo, ndiziyankha mafoni a anthu ogula zambiri. Kumva ndimamva, paja sukulu ndinafika nayo Folomu 2, koma ndikati ndiyankhule lilime limauma gwa. Choncho ndinalowa kalasi ya Loweruka masana m'tauni, m'kachipinda ka pamwamba pa masitolo. Tilimo akuluakulu okhaokha: alonda, azimayi ogulitsa kaunjika, dalaivala mmodzi. Amatiphunzitsa ndi a Nyirenda, aphunzitsi opuma pantchito, aafupi, osaseka wamba. Lamulo lawo ndi limodzi: ukangoponda pakhomo, Chichewa uchisiye panja pamodzi ndi matope. Tsiku loyamba ndinangokhala duu maola awiri. Iwo potuluka anandiuza kuti mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo ndinadzidzimuka, chifukwa ndinamva ngati ndinu.

Sabata iliyonse amabwera ndi mutu woti tikambirane. Mwezi wathawu anabwera ndi wa kuzengereza. Liwu lake la Chingerezi, Amayi, ndi lalitali ngati sitima ya katundu, tonse tinalumira malilime pamenepo mpaka dalaivala uja anapempha madzi. Tinaseka. Koma a Nyirenda atayamba kulongosola, pang'onopang'ono kuti tonse timve, ine kuseka kunandithera. Anati munthu sazengereza chifukwa cha ulesi. Anati pali anthu amene amadzuka folo koloko, amasesa, amachapa, amagwira ntchito ya anthu atatu, n'cholinga choti asapeze mpata wochita chinthu chimodzi chimene akuchiopa. Anati mankhwala ake ndi kuchitchula chinthucho mokweza, kuchipatsa tsiku ndi ola, n'kupeza mboni yoti idzakufunse. Poyankhula sankandiyang'ana ine, ankayang'ana pazenera, koma thukuta linandituluka kuzizira konse kuja.

Ndiye anatikhazika awiriawiri kuti aliyense auze mnzake, m'Chingerezi, chimene wakhala akuchizengereza. Ine anandipatsa a Jafali, telala wa ku Chirimba, munthu waulemu wake. Iwo anati akhala zaka ziwiri osakapepesa mchimwene wawo. Itafika nthawi yanga ndinati chiliza cha amayi anga. Chiganizo chinatuluka chowongoka bwino, a Nyirenda anagwedeza mutu, anzanga anaomba m'manja. Ndinakunamizirani, Amayi. Ndinabisala kumbuyo kwa manda anu.

Tsopano ndinene chimene sindinakuuzeni muli moyo. Kuyambira tili ana, inu ndi amayi aang'ono a Esinati mukafuna kuti tisamve munkatembenukira ku Chilomwe, chimene agogo anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki. Munkayesa ife ana a m'tauni sitimva. Ine ndinkamva. Kuyankha sindinkatha, koma kumva ndinkamva zonse. Tsiku lija munali pachingwe mukuyanika zovala, n'kuwauza amayi aang'ono kuti m'bere lanu lakumanja muli kanthu kolimba, ine ndinali kuseri kwa chitseko ndikusankha mpunga. Ndinali mayi wamkulu kale, wa mwana wanga. Ndinamva mukuti, “Lusiya asadziwe, ali ndi zambiri.” Ndipo ine ndinapitiriza kusankha mpunga.

Ndinadziuza kuti si ulemu kukufunsani za m'thupi mwanu, kuti mundiuza nokha. M'mawa uliwonse ndinkati ndikufunsani madzulo, madzulo ndinkati mwatopa. Ndinakuonani mutayamba kusita ndi dzanja lamanzere. Ndinakuonani mukuchapa nokha malaya anu amkati n'kumawayanika m'chipinda. Inu amene munkatikalipira kuti zengerezu adalinda kwawukwawu tikachedwa kutsuka mbale, munalinda chaka ndi theka, ndipo ine ndinalinda nanu. Pamene fungo linakana kubisika n'kupita nanu kuchipatala, dokotala atavundukula nsalu ija sanakufunseni inu. Anatembenukira kwa ine n'kuti, “Munali kuti nthawi yonseyi?” Funso limenelo ndimadzuka nalo mpaka lero, ndipo ndimadzida nalo.

Amayi, nanenso ndili nako. Bere lakumanzere.

Ndinakapeza mu Novembala ndikusamba, kali ngati nzama, kosapweteka. Ndinati Khirisimasi ipite kaye, kusitolo kumakhala piringupiringu. Januwale ndinati mvula yachuluka. Kenako ndinati tikolole. Kenako ndinati Tamanda alembe mayeso mtima uli m'malo, ndipo chifukwa chimenechi ndinachikonda kwambiri, chinkandionetsa ngati mayi wabwino. Pano kafika ngati dzira la nkhanga, sikasunthanso ndikakakankha, ndipo khungu la pamwamba pake lachita timaenje ngati la lalanje. Mwezi watha ndapeza kena m'khwapa. Ndikanyamula mpukutu wa nsalu ndimauika paphewa lakumanja, ndipo tsiku lina ndinadzigwira ndikuyanika malaya anga amkati m'chipinda, pa msomali womwe uja munkayanikapo inu.

A Nyirenda anatipatsa ntchito yakunyumba, yoti tsiku lililonse tiziyankhula tokha mokweza mphindi zisanu, kunena chinthu chathu chija ndi tsiku limene tidzachichite. Malo okhawo amene ndimakhala ndekha pano ndi m'bafa lathu lapanja lija. Tsiku loyamba ndinayamba ndi chiliza. Koma dzanja linali pabere, sopo ali m'manja, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena zina. Ndinati ndili ndi chotupa. Ndinati chakhala miyezi isanu ndi itatu. Ndinati amayi anga anamwalira ndi chomwechi, ndipo ndikuopa. Ndinati mboni ndilibe. M'Chichewa mawu amenewa sanatulukepo, ngakhale popemphera. M'Chingerezi anatuluka mosavuta, ngati ndikunena za mayi wina wa m'buku. Pa tsiku ndi ola pokha ndi pamene ndinkaima. Ndinkathira madzi n'kutuluka.

Ndinachita zimenezi masiku ambiri, ndipo ndinayamba kumva kupepuka, ngati kunenako ndiye kuchiza. Taonani kupusa kwanga, Amayi. Ndinatenga Chingerezi ngati Chilomwe chanu, chiyankhulo chobisira ana. Ndinaiwala kuti bafa lathu lilibe denga, kuti thandala la mbale lili kuseri kwake, ndi kuti mwana amene amatsuka mbale pamenepo wakhala zaka khumi ndi ziwiri akuphunzira Chingerezi chomwecho ndi fizi yanga.

Dzulo titabwera kuchokera kutchalitchi ndinakhala pakhonde ndikusadzula masamba a nkhwani. Tamanda anabwera n'kukhala pansi pafupi nane, osatenga mpando. Anandilanda lichero n'kuliika kumbali.

“Mami, Chingerezi chanu cha m'bafa ndachimva,” anatero. “Lero ndi tsiku lachinayi.”

Ine ndinaseka, ndinati ndi za kusukulu, aphunzitsi anatipatsa nkhani yopeka. Iye sanaseke.

“Ndimadikira kuti mundiuze nokha. Ndiye m'tchalitchi muja ndimayang'ana pamene ankakhala agogo, ndaona kuti simundiuza. Tiyeni m'nyumba mundionetse.”

Ndinamukalipira. Ndinati ndiwe mwana, sungandivule ine, ulemu unausiya kuti? Anangoimirira n'kukatsegula chitseko, n'kuima pomwepo kundidikira. Amayi, ndinalowa. Anagwira ndi zala zake zozizira, anagwiranso m'khwapa, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha ngakhale anayesetsa kuibweza. Sanalire. Anandibveka yekha bulauzi n'kumanga mabatani onse mpaka lapakhosi, monga ndinkakuchitirani inu masiku omaliza aja. Apo m'pamene ndinalira ine.

“Mawa sikisi koloko, kuchipatala,” anatero. “Mboni ndine.”

Ndinati mawa kukubwera katundu watsopano kusitolo, tipite Lachinayi. Anatenga foni yanga n'kuwaimbira adona aakulu ine ndili pomwepo. Ndinamva mawu awo akutuluka mufoni, Chichewa chawo chija mumachidziwa: “Apite mawa. Rozina ifenso tinaona, tinakhala chete.” Kani tinalipo ambiri osankha mpunga.

Sindikunamizani kuti mtima wakhala pansi. Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa benchi ya kuchipatala ija, ndikuopa fungo la m'makonde muja, ndikuopa kuti wina avundukula nsalu n'kutembenukira kwa mwana wanga ndi funso lija. Akatero ndidzayankha ndine, chifukwa iye wadikira masiku anayi okha, ine miyezi isanu ndi itatu. Munkati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, ndinachimva bwinobwino, ndinangokankhirapo kabati. Kaya ndachedwa, kaya nthawi ikadalipo, sindikudziwa, ndipo kusadziwako n'kumene ndakhala ndikukukumbatira ngati chuma. Dzulo ndinamuyang'ana Rozina wamng'ono pachithunzi cha mufoni n'kudzifunsa ngati ndidzamuone akuyenda.

Sikisi koloko yakwana kalekale. Ndinadzuka, ndinasamba, ndinavala, kenako ndinati ndisese kaye. Nditasesa ndinati tiyi. Titamwa tiyi ndinatenga kope langa la Chingerezi n'kung'amba mapepala apakati, ndinati ndiwalembere kaye agogo ako, sindinawalembereko chimwalirireni. Inu mukuona, ndipo inenso ndikuona: zaka zitatu sindinakulembereni, ndadzakukumbukani lero. Kalata inonso ndi kabati.

Tamanda waima pakhomo, wavala jekete, kabuku kanga ka kuchipatala kali m'manja pamodzi ndi ambulera. Wandilola masamba atatu. Pano wangonena kuti, “Mami, agogo adikira, alibe kothamangira. Inu ndi amene muli nako.”

Ndiye ndilekere pomwepa. Mundikhululukire za mpunga uja. Ine za Chilomwe chija ndinakukhululukirani kale, poti tsopano ndadziwa mmene pakamwa pamalemerera. Ndikulonjezani chinthu chimodzi, ndipo mboni mukhale inu: chilichonse chimene akandiuze kumeneko, chabwino kaya choipa, ndimuuza Tamanda lero lomwe, m'Chichewa, ndikumuyang'ana m'maso.

Ndimakusowani tsiku lililonse, Amayi, koma ngati mwandiyalira kale mphasa pafupi nanu, ipindeni kaye. Ndikupita kukakwera minibasi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya