Mitsuko ya Agiriki ku Al Qusais

Amayi anga, mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ine kuno ku Dubai ndili bwino, kungoti dzuwa silinasinthe ukali ndipo masiki sachoka kukamwa. Patha chaka chikuikireni m'manda, koma mpaka lero sindinaponde pomwe mwagona. Sikunali kufuna kwanga, ndege zonse zinali zitaima chifukwa cha korona. Mwambo wonse ndinauonera pa foni ya achimwene a Yohane, ndipo pomwe ankatsitsa bokosi chithunzi chinaima, n'kutsala nyimbo yokha.

Ndiyambe ndi za kumudzi, ngakhale mwina mukuziona bwino kuposa ine. Mng'ono wanga Chikondi anabereka mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Akuti akafuna kulira amayamba wakwinya chipumi ngati inu. Achimwene akolola mtedza wambiri, koma chimanga chinadyedwa ndi mbozi. Mbuzi yanu yopanda nyanga ija sinasiye kuba mbatata za eni.

Tsopano nkhani yanga, yomwe ndikudziwa kuti mudzaiseka.

Ku hotela komwe ndinkakolopa, pafupi ndi Festival City, polandirira alendo panali mitsuko yofiira yojambulidwa zithunzi zakuda za anthu. Sinali yakale ayi, anangoiumba motengera ya Agiriki akalekale. Zaka zitatu ndinkaipukuta fumbi osadziwa chomwe zithunzizo zinkanena. Pena mwamuna wadzitho akulimbana ndi mkango manja okhaokha, pena mkazi wa tsitsi la njoka atatulutsa lilime, ndipo m'khosi ndi kumunsi mizere yokhotakhota ngati ya mkeka.

Alendo atasowa, mabwana anatseka mbali ina ya hotelayo, nanena kuti mitsuko ibwerere kwa mwini wake. Kunabwera mayi wachikulire wa ku Girisi, dzina lake Eleni, amene amaiumba, ndipo ine anandiuza kuti ndiwathandize kulongedza. Ndisanakulunge mtsuko uliwonse ndinkaugogoda ndi chala, osaganiza n'komwe, monga munkachitira tisananyamuke kupita kumsika. Wachinayi unalira mosasa mawu.

Ndinati, "Madamu, uwu uli ndi mng'alu."

Anapukusa mutu, koma anayatsabe tochi ya foni, n'kupeza kamng'alu kangati tsitsi pansi pa chogwirira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Unaziphunzira kuti zimenezi?"

"Amayi anga anali woumba mbiya." Aka kanali koyamba kuti nditchule mawu akuti anali ponena za inu. Iwo anangong'amba kachidutswa ka katoni n'kulembapo nambala yawo.

Patatha milungu itatu, ntchito inatha. Mabwana anangoti khalas, ndiye kuti basi zatha. Ntchito ikatha kuno ndiye kuti ndi chilolezo chokhalira chomwe chayamba kutha, pomwe ndege yobwerera kwathu kunalibe. Ndinakhala masiku anayi m'chipinda chathu ku Al Qusais, kachidutswa ka katoni kali m'manja, manyazi atandigwira. Si ine amene ndinkathawa mukati tikakumbe dothi kudambo? Ndinkati sindinapite kusukulu kuti ndizidetsa zikhadabo. Inu munkangoti, "Woumba mbiya amadyera m'phale, koma sagona ndi njala." Tsiku lachisanu ndinawaimbira foni Mayi Eleni.

Malo awo oumbira ali konkuno ku Al Qusais, pakati pa nyumba zosungiramo katundu. Atandilemba ntchito ndinayamba ndi kukanda dothi, ndipo manja anakumbukira okha. Kenako anandipatsa kaburashi kuti ndizijambula mizere ya m'khosi. Sabata yoyamba yonse anafufuta. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti dothi silifuna munthu wa mtima wapachala, ndiye ndinameza mkwiyo n'kuyambiranso.

Amayi, chomwe ndikanakonda mukanaona ndi ichi. Kuda kwa zithunzi zija si penti ayi. Ndi dothi lomwelo, losungunula m'madzi n'kulisiya lidikhe mpaka kutsala losalala ngati phala la mwana. Pojambula sizioneka bwino, chofiira pa chofiira. Pootcha amatseka ng'anjo kuti utsi udzaze, mtsuko wonse n'kuda. Akatsegulanso, malo osajambulidwa amabwerera kufiira, ojambulidwa n'kukhalabe akuda. Nditawauza kuti inunso munkafunditsa mbiya zotentha ndi masamba aawisi kuti zide, anaomba m'manja ngati mwana.

Tikamagwira ntchito amandifotokozera nthano za pamitsukopo. Mwamuna uja akuti mkangowo chikopa chake sichinkalowa mkondo, n'chifukwa chake anaupha moutsamwitsa. Mkazi wa njoka uja, womuyang'ana kumaso ankasanduka mwala. Palinso mtsuko wotungira madzi wojambulidwa akazi ali pachitsime, nkhata pamutu, awiri ataima akucheza osalabadira kuti wa mnzawo wasefukira. Ndinati awa ndi akwathu awa!

Koma mwezi watha anandipatsa kamtsuko kowonda, koyera, ka mtundu womwe Agiriki ankathiramo mafuta n'kukasiya kumanda. Chithunzi choti nditengere chinali cha nkhalamba yopalasa bwato, yomwe akuti inkaolotsa akufa pamtsinje. Mayi wina waima pagombe, phazi limodzi latsala pang'ono kulowa m'bwato, koma watembenuka kuyang'ana m'mbuyo, ndipo kumbuyoko kulibe munthu. Ndinaika kaburashi pansi. Ndinalira kulira komwe sindinalire tsiku la maliro anu lija, mpaka masiki ananyowa. Mayi Eleni anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Nditatonthola anati, "Malo opanda kanthuwo ndi ako. Ikapo amene ukufuna."

Ndinajambulapo mtsikana atanyamula dengu, dzanja lina atakweza kutsanzika. Mayi wa pagombe uja ndinamumanga duku monga munkamangira inu, mfundo kumbali. Mgiriki wa duku sanaonekepo, koma Mayi Eleni sanafufute. Dzulo tinatsegula ng'anjo, ndipo kamtsukoko katuluka kathunthu. Ndinakagogoda, kanalira bwino ngati belu. Chilolezo changa chatsopano chinatulukanso, ndipo ndinabayitsa katemera kawiri konse.

Chikondi wandiuza kuti m'khitchini mwanu munatsala mbiya zitatu zomwe munaumba koma simunaotche, ndipo amafuna kuzitaya poti zikungodya malo. Ndamuletsa, ndati azifunditse chiguduli, mvula isazifike. Ndege zayamba kuuluka, ndipo inshallah, monga amanenera kuno, ndifika chilimwe chisanathe. Ndidzayamba ndagwada pamanda panu. Kenako ndidzatola ndekha makungwa ndi nkhuni, ndidzaotche mbiya zanu zitatuzo pabwalo pomwe munkaotchera, mdzukulu wanu ali kumsana kwanga. Ikadzasweka ina musadzandikalipire, ndikadali wophunzira.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikubwera.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane