Dzina la Ragnhild Lili pa Miyala Inayi

Aphungu,

Pepani ndi kalembedwe kanga. Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu kuti ndizikama ng'ombe. Pomwe ndaphonya mungokonza.

Ndine mayi wa zaka 71. Chaka chatha ndinayamba kulondola moyo wa agogo anga aamuna, a Gunder, omwe anatsegula munda tikulimawu kuno ku North Dakota. Ndinkangofuna kuti adzukulu adziwe komwe tinachokera. Ndikanadziwa ndikanazisiya.

A Gunder anachoka ku Norway mu 1853 n'kuyamba kulima tirigu ku Wisconsin. Patapita zaka zochepa anagulitsa munda n'kupita ku Iowa. Kenako Minnesota, kenako kuno, ulendo uliwonse kulowera kumadzulo. Kwathu ankati ankasaka nthaka yabwino. Koma minda anasiyayo ndinakaiona ndi maso anga, ine ndi amuna anga a Torger titayenda pa basi titatha kukolola. Yonse ndi yachonde kuposa wathu uno.

Ku Wisconsin, kuseri kwa tchalitchi, tinapeza kamwala kolembedwa kuti Ragnhild, mwana wa Gunder, zaka zitatu. Ndinagwetsa misozi, chifukwa sindinkadziwa kuti bambo anga anali ndi mlongo wotere. Ku Iowa tinapeza mwala wina: Ragnhild, mwana wa Gunder, zaka zitatu. Ku Minnesota ine ndinakana kulowa kumanda. A Torger analowa okha, n'kutuluka chipewa chili m'manja: nakonso dzina ndi zaka zomwezo. Malo onse atatu, munda unagulitsidwa chaka chomwe mwanayo anaikidwa.

Apa ndinakumbukira azakhali anga a Gro, omwe anthu ankati mutu wawo sukoka bwino. Ndili mtsikana, tikusenda mbatatesi, anandiuza kuti, "Agogo ako sankasaka nthaka ayi. Ankathawa. Koma kamwanako kankawapeza."

Mu Epulo chaka chino mwana wanga Knut akulima m'mphepete mwa munda, pafupi ndi mitengo yotchinga mphepo, pulawo inafukula mwala wafulati. Palembedwa dzina lokha, Ragnhild. Palibe chaka, palibe msinkhu. Komatu agogo aakazi anamwalira panjira asanafike kuno, ndipo a Gunder sanakwatirenso. Nanga ameneyu ndani?

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Mdzukulu wanga Solveig, mwana wa Knut, ndi woyembekezera, achira nthawi yokolola tirigu. Anaona dzinali m'mapepala anga, analikonda, akuti mwana akakhala wamkazi ndi Ragnhild basi. Za manda sadziwa, ndipo bambo ake ndinawapempha asamuuze za mwala. Ndinangomuletsa osanena chifukwa. Iye anati, "Agogo, dzinali mwalifukula nokha, lero mukufuna kulikwiriranso?" Ndinamukalipira zosayenera. Papita masabata asanu osaponda pakhomo panga, munthu woti Lamulungu lililonse ankabwera kudzamwa khofi.

A Torger amangondiseka. "Mayi, inu mumaopa ndi mkaka womwe kuti usefukira. Dzina lili ndi miyendo?" Koma iwowo mwala uja anakauika m'khola la ng'ombe, zolembazo zitayang'ana pansi, ndipo ndaona kuti mbali imeneyo sapitako okha.

Kodi ndimuuze zonsezi ali ndi pakati chonchi? Kapena ndikhale chete dzinalo lilowenso m'banja? Sindikudziwanso ngati pomwe panali mwalapo pagona munthu.

B.T., Hatton

Amayi B.T.,

Kalata yanu yamveka bwino lomwe. Khazikani mtima pansi: manda atatuwo ndi a ana atatu. Makolo athu ochokera ku Norway anali ndi mwambo woti mwana wamkazi akamwalira, wamkazi wobadwa pambuyo pake ankatenga dzina lomwelo, aamunanso chimodzimodzi, makamaka likakhala la agogo, kuti lisathe m'banja. Lemberani abusa a matchalitchi atatuwo akuonereni m'mabuku a ubatizo. Ndikukhulupirira kuti mupeza masiku atatu obadwa osiyana. Masiku amenewo matenda a pakhosi ankatenga ana ambiri a msinkhu umenewo, ndipo kunalibe katemera. Munthu woti waika mwana amatha kuipidwa ndi munda womwe. A Gro sananame kuti bambo awo ankathawa, koma ine ndikuona bambo wothawa chisoni.

Tsopano za Solveig. Mwalakwa apa, mayi, osati poopa koma pomubisira. Iye akuganiza kuti mukumulanda ufulu wotcha mwana wake, ndipo akunena zoona. Pitani kwawo sabata ino, musadikire abusa ayankhe. Yambani ndi kupepesa, kenako mumuuze za manda atatuwo ndi mwambo womwe ndafotokozawu. Pakati si matenda a mutu, mawu anu atha kuwamva. Chomwe chikumupweteka pano ndi kusamvana ndi inu. Mwana akabadwa, mukumbutseni za katemera, ndipo pamenepo pakhale pothera nkhawa zanu.

Pamalo pomwe panali mwalapo musakumbe nokha, ndipo Knut aleke kulimapo. Uzani abusa anu, iwo akudziwa oyenera kuwauza. Mwalawo a Torger auchotse m'khola, si malo ake.

Chenjezo langa ndi ili. Mwanayo akatchedwa Ragnhild, musamamuwerengere miyezi mpaka akwane zaka zitatu. Mwana amaona agogo akamamuyang'ana ngati wapaulendo, ndipo mayi ake adzasiya kubwera naye kwa inu.

Za mwala wachinayi ndilibe yankho. Mwina a Gunder anauzokota okha posowa manda oti azikaimapo. Mwina ayi, ndipo mabuku a tchalitchi atha kukhala chete pa zimenezi. Solveig mumuuze zimenezonso, kuti simukudziwa, kenako mumusiye asankhe yekha dzina la mwana wake.

Aphungu