Atate Akana Opaleshoni Mpaka Ubwere

Kafue, Julayi 2009

Wokondedwa mlongo wanga Lighton,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Peggy ndi ana kumeneko ku Solwezi. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwatikwana, ndipo malonda anga a salaula, zovala zakaunjika zija, akuyenda mwa apo ndi apo. Ndalemba chifukwa pafoni umandidula ndisanamalize, komanso nkhaniyi si yofuula pamsika anthu akusankha malaya.

Atate sali bwino.

Mwezi wa Meyi anachoka ku Shimabala kudzacheza kwanga. Tsiku lina madzi anasiya kutuluka kumpopi, monga uwadziwira madzi a kuno, ndiye iwo anatuluka m'chimbudzi osagujumula. Nditalowa ndi ndowa ndinapeza magazi, ndipo sanali ochepa.

Mwana wamkazi angafunse bwanji bambo wake zoterozo? Ndinatuma alamu ako a Cephas. Atate anati sakudziwa kuti zinayamba liti, ndipo sananame. Chichokereni m'nyumba ya kampani, fakitale ya nsalu itatsekedwa, chimbudzi chawo ndi chokumba. Nanga m'dzenje lamdima munthu uonamo chiyani? Ife tinkangowaseka kuti lamba wawakulira chifukwa cha khasu.

Tinawatengera ku Lusaka. Adokotala anayamba kuwaunika ndi kapaipi kokhala ndi nyali, napeza tinyama tomera m'matumbo ngati bowa. Kamodzi sanakondwe nako, ndiye anatitumiza ku makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, kuti aone ngati kazika mizu.

Makinawo ndi chimphanga chopapatiza, munthu amalowamo chogona. Anawavulitsa lamba, wotchi ndi chilichonse chachitsulo. Atayamba kugunda, ine panja ndinali kupemphera kuti mkuluyo asachite mantha. Koma mwini wakeyo tulo! Akuti phokosolo linawakumbutsa makina olukira nsalu. Atatuluka anauza nesi kuti, "Iyi mashini yanu ifunika girisi. Ku fakitale sembe tinaiimika kudala." Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kuleka.

Zotsatira zake ndi izi: kanyama kaja kasanduka khansa. Mwayi wake ndi wakuti sinafalikire, ndipo akadula msanga angathe kuchira. Opaleshoni aiika kumayambiriro kwa mwezi wamawa.

Adokotala anafunsanso ngati pamtundu pathu wina anadwalapo chonchi. Atate anatchula akulu awo a Yotamu, aja anamwalira ku Petauke ataonda ndi m'mimba, tonse tikuti anawalodza. Adokotala anati nthawi zina matendawa amatsata magazi, choncho ana tonse tikayezetse ngakhale tisakumva kupweteka.

Ine ndinapita. Anandipeza nato tiwiri tating'ono, n'kutichotsa tsiku lomwelo. Manyazi ndinachita, sindikubisa, koma anatha ndisanakwere minibasi yobwerera. Pano ndikunyamula mabelo a salaula ngati kale.

Tsopano ndafika pa iwe. Pa Isitala mutabwera, Peggy anandinong'oneza tikutsuka mbale kuti m'mimba mwako simukhazikika, umakhalitsa kuchimbudzi, ndipo umangogula mapiritsi pa kantemba n'kunena kuti ndi madzi a ku Solwezi. Usamukalipire, ananena akulira. Nanenso ndinaona mmene buluku limakukhalira. Ndipo kukomboni kwanuko chimbudzi ndi chokumbanso, si choncho? Ndiye usandiuze kuti sunaone kanthu.

Ndikudziwa uyamba kunena za shifiti ya kumgodi. Dikira umve kaye.

Tsiku lija pochokera ku Lusaka, titatsika pasiteji Atate anandiimitsa, nandifunsa ngati ndinaona mmene iwe mwana wawo waondera. Ine sindinawauzepo za Peggy, anaona okha. Ndiye anati sadzagona pabedi la opaleshoni iwe usanakayezetse. Ndinayesa kuti akungonena, koma anabwereza pamaso pa a Cephas: "Ine nakalamba. Banichilise ine, mwana wanga azifa nili kuyang'ana? Iyayi. Ayambe Lighton."

Tawanyengerera tonse. Abusa abwera kudzawapempherera, iwo amayankha ameni mokweza, akatha n'kufunsa ngati wafika. A Cephas anayesa kuwanamiza kuti unayezetsa kale komweko. Atate anangowayang'ana n'kunena kuti akufuna akuone ndi maso awo uli pamzere wa kuchipatala.

Adokotala anatiuza mosabisa kuti kanthuko sikadikira munthu. Tikaliphonya tsiku la opaleshonili, lina lidzapezeka mochedwa, mwina khansayo itapita kumene mpeni sungafike.

Ndili ndi mantha, Lighton. Ndimaopa kutaya Atate, ndimaopanso kutaya iwe, ndipo nonse awiri mitu yanu ndi youma chimodzimodzi. Ngati thupi lako sulimvera chisoni, mvera chisoni mkuluyu. Chikwama chawo chakuchipatala alongedza kale, achiika pakhomo, ndipo basi iliyonse ikaima pamsewu amadzuka kukasuzumira. Bwera mwezi uno usanathe.

Undiperekere moni kwa Peggy, umuuze kuti ndamuthokoza. Ana onse uwapatse moni wa azakhali awo. Ambuye akusunge panjira.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Gwendolyn